Madontho a Ba Yotam pa Tcheni

Ba Tenson Chisanga anali ndi matenda amodzi, matenda a ukhondo. Zaka makumi atatu akuyendetsa motoka za boma zinawasiya otero: chitsulo chikangokhala ndi kalitsiro, manja awo ankayabwa. Atapuma pantchito anakakhala pa puloti yawo ku Silverest, kumene anthu amalawirira ku Lusaka n'kubwera dzuwa litalowa, mageti ali chitsekere tsiku lonse. Akazi awo anamwalira kalekale, ana onse ali ku Kitwe. Masana ankangomva agalu a eni ake ndi mphepo ikugwedeza malata.

Wogogoda pageti lawo anali mmodzi yekha, Ba Yotam, makanika wokalamba, wolongolola ngati wailesi. Nissan yakale ya Ba Tenson itapsereza gasiketi, awiriwa anaphwasula injini pansi pa mtengo wa mango, zitsulo n'kuziyala pa chitseko chakale. Asanachotse tcheni ya taimingi, ija imene imachititsa kuti mapisitoni ndi mavavu aziyenda mopatsana mpata, Ba Yotam anapempha kabotolo ka tipeksi, utoto woyera wofufutira zolembedwa, kamene mnzawoyo anachoka nako ku ofesi. Mitundu ya kufakitale pa tcheniyo inali itafufutika kale, ndiye anadontheza madontho awiri oyera pa mfundo ziwiri. Anati pobwezera, dontho lina likumane ndi kachizindikiro kokhomedwa pa giya la pamwamba, linalo pa giya la pansi. Ukaphonya dzino limodzi injini imatsokomola, ukaphonya angapo pisitoni imamenya vavu, basi motoka yasanduka khola la nkhuku.

Lachitatu lotsatira Ba Yotam anagwa m'bafa. Inali sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafooka, pakamwa panapotoka, ndipo mawu onse aja anathawa. Atatuluka m'chipatala, mwana wawo Fridah anawatengera kumudzi ku Bundabunda. Adokotala anali atanena kuti azibwera ku Lusaka sabata iliyonse kudzawongola ziwalozo, apo ayi dzanjalo liumiratu. Koma kumudziko minibasi sifika, ndipo munthu wosayenda sungamukweze panjinga. Ba Tenson analonjeza pafoni kuti Lachiwiri la sabata yotsatira adzafika ndi motoka.

Kulonjeza n'kosavuta. Anatsala okha ndi injini yophwasula, masiku atalika ngati msewu wa ku Chipata, wolankhula naye palibe. Manja aja anayamba kuyabwa. Anathira petulo m'beseni, natenga mswachi wakale, n'kuyamba kutsuka chitsulo chimodzichimodzi kuti tsiku lidutse. Tcheni nayo inalowa m'besenimo. Inatuluka ikunyezimira ngati ya m'shopu, iwo n'kuiyanika pa waya wa zovala akudzitamandira mumtima.

Poitsitsa m'pamene anayamba kufunafuna madontho aja. Anaitembenuza uku ndi uku, anavala magalasi, anaipititsa padzuwa. Ayi ndithu, mbee! Munthu wamkulu, wa imvi mutu wonse, kutsuka chinthu chokhacho chimene sichinafunike kutsuka. Anakhala pa ndowa yovundikira imene Ba Yotam ankakhalira, tcheni ili pamwendo, ndipo mtima unawapweteka kwambiri. Zinali ngati mnzawoyo anawasiyira kalata, iwo n'kuichapa.

Anapita kwa makanika wina wa pamsewu waukulu, koma uyo anati aikokere motokayo ku galaja, adzaiona pakatha masabata awiri. Winanso anati tcheni amangoika mongoyerekeza, zimayenda. Ba Tenson anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuchokapo osatsanzika.

Loweruka anaika tcheni m'pulasitiki nakwera minibasi. Atatsika pa siteji ya Bundabunda anayenda pansi ola ndi theka, mawondo akulira, ulendo umene sakanatha kuubwereza kawiri. Anawapeza Ba Yotam atawakhazika pakhonde, akuyang'ana nkhuku. Fridah ananong'oneza kuti chibwerereni sanafune kuyang'ana munthu kumaso, ngakhale phala amalikankha.

Ba Tenson anakhala pambali pawo, natulutsa tcheni ija mwamanyazi.

"Ba Yotam, nachita vopusa. Natsuka tcheni na petulo, madontho yonse yachoka."

Ba Yotam anayang'ana tcheni, kenako anayang'ana mnzawo. Mbali imodzi ya pakamwa inayamba kunjenjemera, mapewa akugwedezeka, kaphokoso kachilendo kakutuluka pakhosi. Fridah anathamanga ndi kapu ya madzi akuyesa atsamwa. Anali akuseka. Ankamuseka mnzawo wa ukhondo uja mpaka misozi.

Kenako anatambasula dzanja lamanzere. Anagoneka tcheni pabondo, chala chachikulu n'kuyamba kuyenda mfundo ndi mfundo, akuwerenga. Chiwerengero cha mfundo za pakati pa madontho awiri aja ankachidziwa pamtima. Pakati anasokonezeka, anakwinya nkhope, anabwerera poyambira. Ba Tenson sanathandize, anangogwira mbali inayo kuti isagwe. Kachitatu chala chinafika pamene chinkafuna, chinakanikiza osasunthanso. Tipeksi kumudzi kunalibe, ndiye Fridah anabweretsa kyutekisi yake yofiira yopaka m'zikhadabo popita kutchalitchi, nadontheza pa mfundo yoyambira ndi pa iyo bambo ake anaimapo.

Utoto utauma, Ba Yotam anakweza zala ziwiri, n'kuzungulitsa dzanja m'mwamba. Fridah anafunsa ngati akufuna tiyi wa masipuni awiri. Ba Tenson anapukusa mutu. Lamulo limenelo analimva kosawerengeka pansi pa mango paja: injini uizungulitse kawiri ndi sipanala usanakhudze kiyi. Potsanzikana, tcheni ija inavuta kuichotsa m'dzanja la Ba Yotam.

Lolemba m'mamawa, mageti a anzawo atatsekeka, anayamba. Anachotsa pulagi yoyamba, nalowetsa kawaya pabowopo, n'kumazungulitsa pang'onopang'ono mpaka pisitoni itakankhira kawayako pamwamba penipeni. Anakoleka tcheni, dontho lofiira pa kachizindikiro ka giya la pansi, linalo pa la pamwamba. Anamanga chokungira tcheni, nayang'ananso madontho aja katatu konse, chifukwa wowauza kuti zili bwino panalibe. Ndiye anagwira sipanala. Anazungulitsa kamodzi, khutu lili pafupi ndi injini, akudikira kugogoda kwa chitsulo pa chitsulo. Zii. Anazungulitsa kachiwiri. Zizindikiro za magiya zinabwerera pamalo pake.

Dzuwa litapendeka anali atatseka zonse, oilo ndi madzi athira. Anapotokola kiyi. Injini inatsokomola kawiri, inatulutsa utsi wakuda, kenako inakhazikika, ikulira mosalala ngati makina osokera. Ba Tenson anatuluka m'motoka akumwetulira, natembenukira ku ndowa ija kuti afunse ngati amva. Pa ndowapo panali tsamba la mango basi.

Anatulutsa foni naimbira Fridah. Anamuuza kuti mawa akonzeke m'mawa, koma kaye aike foni pakhutu la bambo ake, la kumanzere. Ba Tenson anatsamira pa motoka, foni ataiyandikiza pa injini. Panapita nthawi. Ataibweza kukhutu kwawo anamva mpweya wa munthu akupuma pang'onopang'ono, ndi mawu a Fridah akuchokera patali.

"Ba ankolo, bakana kunibwezera foni."

Ba Tenson anabwezera foni pa injini paja. Dzanja litatopa anasinthira linalo, naimirira pomwepo pansi pa mango, injini ikulira, mpaka tokutaimu ya m'foni inatha.