Kompyuta Itakana Dzina la Pachibwenzi

"Agogo, kodi kompyuta imatha kunama?"

Anafunsa choncho ndi mdzukulu wawo wamkulu, kalekale asanayambe sukulu, ndipo a Sipanala anayankha mosazengereza kuti ayi. Iwo anali makanika wopuma pantchito, ndipo moyo wawo wonse ankakhulupirira kuti makina sanama. Injini ikatsokomola ndiye kuti yadwaladi. Onama ndi anthu. N'chifukwa chake za Loweruka lija zinawapweteka kuposa mmene zikanapwetekera munthu wina.

Mwana wawo wamkazi, nesi wogwira ntchito kunja, anali atangobereka kumene. Mwamuna wa nesiyo salola kuti zithunzi za khanda zizingoyendayenda m'mafoni a anthu, choncho anaziika mu fayilo yokiyidwa n'kutumiza pa imelo. Pansi pake nesi anawonjezera kuti mawu otsegulira ndi dzina limene bambo ankawatchula amayi ali pachibwenzi.

Mayi a Nesi anavundukula nsalu yophimba kompyuta pabalaza, n'kusuntha botolo la maluwa. Kompyutayo inagulidwa nesi akadali kukoleji, ndipo podzuka inkalira ngati lole yokwera chitunda.

"Lembanitu, bambo a Nesi. Kapena ndikukumbutseni?"

"Ine? Mukandikumbutse dzina lopanga ndekha?"

Analemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, lilime lili pakona ya mlomo: Kapulagi. Ankawatcha choncho chifukwa masiku amenewo mtima wawo sunkaliza popanda iwo, monga injini siliza popanda pulagi. Kompyuta inaganiza nthawi ndithu, kenaka inatulutsa kabokosi ka mawu achingerezi, tanthauzo lake lakuti mawu achinsinsiwo ndi olakwika.

"Mwalemba chiyani?" anafunsa amayi. Pagalasi pankangooneka timadontho.

"Lomwe lija."

"Lomwe lija liti?"

Anayesanso ndi zilembo zazikulu zokhazokha. Anayesa ndi zazing'ono. Anawonjezera "wanga" kumapeto. Kabokosi kankabwerabe, ndipo ulendo wina kanasintha n'kunena kuti pachitika vuto losadziwika, pansi pake manambala osatha ndi batani limodzi lovomereza.

"Ndivomereze chiyani, poti nawenso sukulidziwa vutolo?" anadandaula a Sipanala.

Amayi anayimbira nesi, koma foni inali yozimitsa. Apa thukuta linayamba kuwatsika bambo aja m'khosi. Makina sanama, ndiye wolakwa ndani? Mwina mutu wayamba kutayikira ngati thanki yadzimbiri. Anayamba kufukula mayina ena m'mutu, ndipo mwatsoka anatchula limodzi mokweza akulemba.

"Ka-dzu-wa."

Mayi a Nesi anatembenuka n'kuwayang'ana.

"Kadzuwa ndi ndani?"

"Inali njinga yamoto, mayi. Yachikasu ija."

"Ine njinga yachikasu sindinaionepo."

"Ndinagulitsa tisanakumane."

"Ehe. Munagulitsa." Mayi a Nesi anapinda nsalu ija bwinobwino, makona onse kukumana, monga amachitira akakwiya. "Zaka zonsezi ndimanyadira kadzina kamene mwina munali kugawira mzinda wonse. Ndipo lero mdzukulu wanga sindimuona chifukwa mukusokoneza akazi anu."

Sizinali zoseketsa kwa a Sipanala. Pa zolakwa zonse zimene anachita m'banja lawo, ichi chokha sanachitepo, ndipo mboni yawo, makina, inali itawaukira.

Kuseri kwa mpanda kunkamveka makina osokera a Telala. Iye ndi a Sipanala anali anansi akale, okondana mwa kunyozana. Telala anali atagula laputopu yatsopano yojambulira mapatani, ndipo a Sipanala ankamuseka kuti munthu wosintha makina ngati malaya sadziwa kusamala chinthu. Nayenso Telala ankaitcha kompyuta yawo yakale ija kuti agogo. Kupita kukapempha thandizo kumeneko kunali kowawa, koma amayi anali atavala kale nsapato.

Anamupeza atakhala pakati pa zidutswa za nsalu, tepi ili m'khosi, mapini ali kukamwa.

"Achimwene, mwabwera ndi alamu masana ano? Kwagwanji? Agogo aja a pabalaza atisiya?"

"Ali moyo. Angofuna kupuma pang'ono."

Telala anamvetsera nkhani yonse, kupatula ya Kadzuwa imene a Sipanala anailumpha, koma amayi anaibwezeramo. Anasesa ulusi patebulo, n'kutsegula imelo pa laputopu yake. Kabokosi kofunsa mawu achinsinsi kanabwera. A Sipanala anawerama kuti alembe, koma mabataniwo anali aang'ono ndi oterera, ndipo chala chimene chinakulira m'mabawuti chinkadina zilembo ziwiri nthawi imodzi.

"Ingonenani ndikulembereni," anatero Telala.

"Ndi zachinsinsi."

"Ndiye nong'onezani laputopuyo, mwina imva."

A Sipanala anayang'ana kudenga. Amayi ndiwo anatopa nazo.

"Lembani Kapulagi, alamu. Ngati likana panonso, tidziwa pokambira."

Telala anachotsa mapini kukamwa limodzilimodzi, kuopa kuwameza. Mapewa ake ankagwedezeka. Analemba, nadina batani, ndipo nthawi yomweyo pagalasi panaonekera kankhope kofiira, kamakwinya, kataphimbidwa ndi kachipewa koluka, nkhonya ili patsaya.

Mayi a Nesi anakhala pansi pa mpando wa makasitomala osayang'ana n'komwe ngati pali singano.

"Mayo ine, mphuno iyi! Bambo a Nesi, taonani, mphuno yanu yeniyeni. Mwana wosalakwa."

A Sipanala anayang'ana khandalo nthawi yaitali, akupukuta magalasi awo ndi m'mphepete mwa malaya. Atatha anatembenukira kwa Telala, chifukwa nkhani ina inali isanathe.

"Dzina lomweli ndinalemba kwathu. Chilembo ndi chilembo."

"Ndikukhulupirira. Pulogalamu yanu ndi yakale, loko wa mpongozi wanu ndi wamakono. Kiyi munali naye wolondola, koma agogo aja sadziwa kupotokola loko wotere. Nanenso zinandichitikira ndi mapatani a kasitomala wina, mpaka ndinamunena kuti wanditumizira zowola."

"Ndiye bwanji osangonena kuti yakalamba? Bwanji kunamizira ine?"

"Inu munayamba mwavomerapo kuti mwakalamba?"

Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi, maso akadali pa khanda. Kenaka, osatembenuka, anatambasula dzanja n'kuwagwira amuna awo pa bondo.

"Munalikumbukira," anatero. "Za njinga yachikasu tikambabe, koma osati lero."

Amayi anatsala akuwerenga zala za mwanayo pa chithunzi chilichonse. A Sipanala anamukokera Telala pakhonde, pafupi ndi chingwe choyanikira nsalu, natsitsa mawu.

"Amwene, pano pamabwera anthu ambiri. Oyeza madiresi, ofupikitsa mathalauza. Ndipo pakamwa panu ndimapadziwa."

"Ine? Ndimasoka milomo ya matumba tsiku ndi tsiku."

"Ndikunena zoona. Anyamata a ku galaja akangomva dzinali, mumsewu uno sindidutsanso."

Telala anakanda chibwano, akuoneka kuti akumva kukoma.

"Chabwino. Koma kabudula wanu uja, munabweretsa kuti ndikulitse m'chiuno n'kumanena kuti wachepa pochapa, mubwere ndidzakuyezeni ngati munthu wamkulu. Ndatopa kusoka mongoyerekeza."

"Ndibwera Lolemba. Koma dzinalo."

"Lifera pakhonde pano," anatero Telala, natambasula dzanja. "Ngakhale mkazi wanga salimva. Ndalonjeza."

A Sipanala analigwira dzanjalo mwamphamvu, mpaka Telala anadzuma.