Magolovesi a Grissel Pardoe

Mlongo wanga Gervase anapita ku London ali munthu wolongosoka, wodziwa kumeta nkhosa ndi kukonza mpanda. Anabwerako patapita zaka zingapo ali ndi nthenga pachipewa, ndipo kungomufunsa ngati akufuna phala kunali kudziputira ulaliki. Ankayamba wayamika dzanja limene laphika, kenako n'kudzitcha wosayenera, phalalo likuzizira, ine Ursula nditangoima ndi chipande m'manja. Mwana ameneyu ndinamulera ndekha amayi athu atamwalira, choncho ndili ndi ufulu wonena kuti ankanditopetsa.

Kumeneko ankatumikira bwana wina wa kunyumba ya mfumu. Ntchito yake yeniyeni sindinaimvetse mpaka lero. Mmene ankafotokozera, anthu olemera ndithu ankadzuka m'mawa, kuvala bwino, n'kukaima m'khonde lalitali kudikira kuti wamkulu kuposa iwo adutse awaone nkhope. Wofuna malo, wofuna udindo, wofuna kuti m'bale wake atuluke m'ndende, onse ankangoima. Kutchula chimene ukufuna ankati n'chimidzimidzi. Unkayamba wakondweretsa mlonda wa pachipata, kenako wosunga makiyi, kenako galu wa akazi a bwana, mpaka tsiku lina wina n'kudzakutchula dzina pa chakudya. Bwana wake uja atayambana ndi akuluakulu anzake antchito onse anabalalika, Gervase n'kubwerera kumapiri kwathu kuno ku Shropshire ndi luso limenelo basi.

Kutsidya kwa kamtsinje kunali banja la a Humphrey Pardoe, opanga tchizi. Mwana wawo wamng'ono, Avis, ndiye anamudya mtima mlongo wanga. Sinali nkhani yovuta ayi, chifukwa naye Avis ankamufuna, ndipo mudzi wonse unkadziwa. Mtsikana wochokera kunyumba yosunga mchere m'matumba sangamabwere kwanu kudzapempha mchere wa m'chikhatho popanda chifukwa. A Humphrey nawo sakanakana. Chimene chinkasowa chinali chimodzi chokha, kuti Gervase atsegule pakamwa afunse.

"Pita ukamufunsire," ndinamuuza tsiku lina tikusankha ubweya. "Mtsikana uja sadzakhala mbeta mpaka kalekale."

"Achemwali, zinthu zotere sizithamangiridwa," anatero akuwongola nthenga yake ija. "Ku London, kufuna chisomo cha mfumu ndi kufuna mtima wa mkazi ndi luso limodzi. Munthu sumangolowa ngati ng'ombe."

"Ng'ombe imalowa n'kudya. Iwe uima panja mpaka liti?"

"Mpaka nyumba yonse itandikonda. Pamenepo dzina langa lidzafika lokha m'khutu mwake."

"Dzina lako amalidziwa, chitsiru iwe. Munkaba limodzi maapulo kwa abusa."

Anangondimwetulira mondimvera chisoni, ngati wosaphunzira ndine.

Chilimwe chonse chinathera momwemo. M'mawa uliwonse nkhosa ankandisiyira ine, iye n'kukaima pachipata cha a Pardoe. Anayamikira nkhumba za a Humphrey imodziimodzi, mpaka mkuluyo anayamba kukayikira kuti mnyamatayu akufuna kuba. Galu wawo ananenepa ndi nyama ya m'khitchini mwanga. Avis akamadutsa ndi ndowa za mkaka, Gervase ankavula chipewa n'kuwerama mpaka nthenga ija kusesa matope, n'kumuuza mawu oti ngakhale abusa sakanawamasulira.

Avis anadzandipeza kumtsinje ndikuchapa. Anakhala pamwala n'kuyamba kundithandiza kufinya osapemphedwa.

"Achemwali, kodi mlongo wanu msana ukumuvuta?"

"Msana uli bwino. Chavuta n'chimene chili pamwamba pa khosi."

"Dzulo wandiuza kuti maso anga ndi oweruza ankhanza. Ndamuweruza chiyani ine? Ndinangomufunsa ngati wadya." Anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. "Ine yankho ndili nalo kale. Ndikungodikira funso."

Ndinayesa kukawatsina khutu a Humphrey kuti mwina nkhani tingaithe akuluakulu tokha. Anandidula ndisanafike pakati. "Mayi Ursula, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati mnyamatayo akufuna kanthu pakhomo pano, pakamwa ali napo." Sindinawatsutse, chifukwa ankanena zoona.

Tsono panali Grissel, mkulu wake wa Avis. Anali atapitirira zaka zimene atsikana kuno amakwatiwira, nkhope yake ili ndi zipsera za nthomba imene inatenga amayi awo. Ndiye analera Avis, ndiye ankayendetsa nyumba, ndipo makiyi a chipinda cha tchizi ankalendewera m'chiuno mwake tsiku lonse. Panalibe mwamuna amene anaimapo pachipata chifukwa cha iye. Gervase ataona makiyi aja anati wapeza njira. Anayamba kumunyamulira madengu, kumuperekeza pochokera kutchalitchi, kumufunsa za chifuwa chake. Ndinamuchenjeza kuti anthu ali ndi maso. Anandiyankha kuti n'zimene akufuna, chifukwa ulemu wochitira kuseri suwerengedwa.

Tsiku la msika waukulu ku Ludlow ine sindinapite, nkhosa ina inkadwala. Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva pambuyo pake, kwa anthu ambiri, aliyense ndi mchere wake. Gervase anagula magolovesi achikopa chofewa, osokedwa maluwa m'mphepete. Anakamupeza Grissel pamzere wa ogulitsa tchizi, n'kugwada bondo limodzi amayi onse aja akuonerera, n'kunena kuti chimwemwe chake chonse chili m'manja amenewa, ndipo akupempha kuti manjawo amutsegulire khomo. Grissel anayang'ana kumbuyo kuti mwina akuuza wina. Kenako anapukuta manja pa epuloni n'kulandira.

Kuno ngakhale mwana amadziwa kuti mbeta ikalandira magolovesi kwa mwamuna pamaso pa mboni, ndiye kuti chitomero chachitika, ndipo bwalo la mpingo limagwira mawu amenewo. Gervase anabadwira kuno, ankadziwa, koma London inamutsuka m'mutu. Kumeneko akuti magolovesi umapatsa aliyense amene ukufuna akakunenere zabwino kwa wamkulu, kaya ndi woweruza, kaya ndi wopereka vinyo. Anabwera kunyumba akuimba mluzu, osandiuza kanthu.

Lamlungu ndikulowa m'tchalitchi, amayi ena anayamba kunditsina. "Koma inu mumabisa. Ndiye ukwati ndi liti?" Ndinaganiza kuti mwina Mulungu wamva kulira kwanga, mlongo wanga wafunsa. Kenako ndinaona Grissel kutsogolo atavala magolovesi, kunja kukutentha chotero, manja atawaika pamwamba pa benchi kuti aliyense aone. Pambali pake Avis ankayang'ana pansi, ndipo sanadzutse mutu mpaka mapemphero kutha.

Gervase anandiweramira n'kunong'ona, "Mwaona, achemwali? Wavala. Ndiye kuti wavomera kukandilankhulira kwa mng'ono wake."

Ndinapirira chifukwa munali m'nyumba ya Mulungu. Titangotuluka, a Humphrey anamugwira Gervase chanza ndi manja awiri n'kunena kuti auza kale abusa kuti Lamlungu likudzali ayambe kulengeza za ukwati, ndipo masana tikadye nawo tsekwe. Gervase anawerama n'kuthokoza asanamve bwinobwino. Ndinamukokera kuseri kwa manda n'kumugwira khutu monga ndinkachitira ali mwana.

"Ukudziwa amene akulengeza naye iwe?"

"Avis, nanga ndani?"

"Magolovesi wavala ndi Avis?"

Ndinaona nkhope yake ikusintha pang'onopang'ono. Chipewa chinamugwa m'manja ndipo sanachitole. "Koma ine ndimatanthauza kuti..."

"Zimene umatanthauza anamva ndi iwe wekha. Tamvera. Tikupita konko. Ukanene kuti, ndinalakwitsa, pepani, amene ndikufuna ndi Avis. Osawerama, osatchula mwezi kapena nyenyezi. Grissel akhumudwa, bambo ake akutukwana, mwina akumenya, ndipo uyenera. Koma madzi asanatayike onse, ukanene lero."

"Pamaso pa anthu, achemwali?"

"Unagwada pamaso pa anthu. Ukadzukanso pamaso pa anthu."

Njira yonse ankayeseza mawu aja chamumtima, milomo ikugwedera. Ndinali ndi mkwiyo, komanso ndinali ndi mantha, chifukwa ndinkadziwa kuti Avis amamukondadi, osati mwamasewera.

M'khitchini mwa a Pardoe munali modzaza. Abusa analipo, anansi analipo, tsekwe ali patebulo, mowa wa barele ukuyenda. Grissel anali atamanga kansalu kofiira m'tsitsi, ndipo ankaseka. Zaka zonsezi ndinali ndisanamve kuseka kwa mkazi ameneyu. Ankagawa buledi atavala magolovesi aja, amayi akumunena kuti awadetsa, iye n'kumati, "Asiyeni ade, ndi anga." Ndinamumvera chisoni kwambiri, mpaka ndinatsala pang'ono kukhala chete. Koma ndinaona Avis ataima pakona ndi mtsuko, akutumikira alendo ngati wantchito, maso ofiira.

"Bambo Pardoe," ndinatero, "mlongo wanga ali ndi mawu."

"Ameneyu mawu sasowa," anatero a Humphrey, anthu n'kuseka. "Lankhula, mkamwini."

Gervase anaimirira. Anayamba bwino, anati pali chinthu chimene chiyenera kuwongoledwa. Kenako anayang'ana tebulo lodzaza lija, n'kuona kuti sangayambe asanathokoze mwininyumba. Atathokoza mwininyumba anathokoza abusa. Kenako anayamba za munthu wapaulendo amene amagogoda pa chitseko china pofuna kulowa pa china. Ndinamuponda phazi pansi pa tebulo. Anthu ankangogwedeza mitu, kuganiza kuti ndi mmene a ku London amayamikirira tsekwe.

Avis anaika mtsuko pansi.

"Gervase," anatero, osakweza mawu. "Pepani bambo, pepani abusa, ndifunse kamodzi kokha. Chilimwe chonse mwakhala mukuima pachipata chathu. Mumadzera ndani? Tchulani dzina."

A Humphrey anatsegula pakamwa kuti amudzudzule, koma atayang'ana nkhope ya mwana wawoyo anatsekanso.

Ine ndinkayang'ana Grissel. Anayang'ana mng'ono wake, n'kuyang'ana Gervase, ndipo ndinaona kuti wamvetsa zonse nthawi yomweyo, madengu aja, kuperekeza kuja, kugwada kwa kumsika kuja. Sanalire. Anangotsitsa manja pamiyendo n'kuyamba kukoka golovesi lakumanzere, chala chimodzichimodzi, pang'onopang'ono kuti anthu asaone.

Gervase anaona. Mlongo wangayu si munthu woipa mtima, ndipo n'zimene zimandipsetsa mtima kwambiri. Anamuphunzitsa kuti mkazi sachititsidwa manyazi pagulu, kuti mwininyumba satsutsidwa pa tebulo lake, kuti ukalakwitsa pamaso pa akuluakulu umangopitiriza ngati unachita dala. Zonsezo zinamumanga nthawi imodzi. Anayang'ana Avis nthawi yaitali, ndipo aliyense wa maso akanatha kuona amene amamufuna.

"Nena, Gervase," ndinamunong'oneza. "Chonde mwana wa amayi, nena."

Anatembenukira kwa Grissel, n'kuika dzanja pachifuwa, n'kuwerama bwino kwambiri kuposa mmene ndinamuonerapo.

"Ndimadzera amene wandilemekeza povala mphatso yanga yosayenera," anatero. "Mayi Grissel, ngati angandilandire."

Ndinayembekeza kuti Grissel akana. Ankadziwa, ndipo ankadziwanso kuti ine ndaona kuti akudziwa. Anandiyang'ana m'maso, osati mopepesa ayi. Kenako anabwezera zala zija m'golovesi, n'kuika manja onse awiri pamwamba pa tebulo.

A Humphrey anapuma mpweya waukulu n'kumenya tebulo. "Ndiye zonsezi zinali za chiyani? Avis, usamaopseze alendo. Thira mowa."

Avis anatola mtsuko uja. Anathirira abusa, anathirira bambo ake, anathirira ine, osataya ngakhale dontho. Atafika pa Gervase anadzaza chikho, n'kuchigwira ndi manja awiri, n'kupinda mawondo pang'ono monga amachitira mtsikana woleredwa bwino.

"Imwani, alamu," anatero.