Mawu a Mayi Coralie

Edda ankagwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba ku Ellenbrook. Mwamuna wake, Paterson, ankakhala masabata awiri kumigodi ya kumpoto, n'kubwera sabata imodzi ali wotoperatu. Masiku ambiri Edda akaweruka ankapeza nyumba ili zii.

M'chipinda chakumapeto munkakhala Mayi Coralie, a zaka 88, amene kale ankaphunzitsa bale, gule wachizungu wovina monyang'ama pa zala za kumapazi. Mutu unali utayamba kuwasokonekera, ndipo panalibe wobwera kudzawaona. Anamwino akawauza kuti aimirire, ankangoyang'ana khoma.

Tsiku lina m'mawa Edda akuwadzutsa, mayiwo anagwira chitsulo cha bedi n'kunena mwamphamvu, "Plié!" Anapinda mawondo. "Relevé!" Anawongoka okha mpaka zidendene kuchoka pansi.

"Chimenecho n'chilankhulo chanji, mayi?" anafunsa Edda.

"Chifalansa, mwanawe. Plié ndi kupinda basi. Relevé ndi kudzukanso." Nkhope yawo inawala. "Guleyu anabadwira ku Italy, koma anakulira kunyumba ya mfumu ya ku France. Aphunzitsi akumeneko ndiwo anatcha mayina kaponyedwe kalikonse ka mwendo. Ine ku France sindinapondeko, koma mawu awo ndawalankhula zaka makumi asanu."

Kuyambira tsikulo Edda ankalemba mawuwo pakapepala n'kumawaloweza m'basi. Tendu, kutambasula. Glissade, kutsetsereka. Atamva kuti pas de chat ndi kuyenda kwa mphaka anaseka mpaka misozi, ndipo anazindikira kuti panali patapita mwezi asanaseke chonchi. Mayi Coralie ankamukalipira akatchula molakwika, koma Edda akawauza mawu amenewa, mayiwo ankalola kuyenda mpaka kuchipinda chodyera. Dzina la Edda sanaligwire ngakhale kamodzi.

M'mwezi wa June Edda anapuma masiku awiri. Pobwerera anapeza dzina la Mayi Coralie lachotsedwa pachitseko cha chipinda chawo, bedi litayalidwa bwinobwino. Mayiwo anali atamwalira Lamlungu masana. Kumaliro kunabwera anthu anayi, Edda wachisanu, ndipo zonse zinatha m'mphindi makumi awiri popanda nyimbo.

Ali panja anaimbira Paterson.

"Amuna anga, Mayi Coralie aja tawaika lero."

"Mayi ake ati amenewo?" anafunsa Paterson, makina akulira kumbuyo kwake.

Edda anayamba kufotokoza, koma foni inaduka. Anadikira pang'ono kuti mwina aimbanso, kenaka anaika foniyo m'chikwama n'kuyenda kupita kokwerera basi. Mvula inali itayamba kuwaza, ndipo ntchito ya masana inkayamba 2 koloko.