Soketi ya m'galaja

Darlene ankapukuta mbale imodziimodzi, mosafulumira, khutu lili kugalaja. Kumeneko apongozi ake aamuna, a Wendell, ankalankhula mokweza kuti iye amve.

"Firiji yazimanso, Curtis! Nyama yanga ya gwape yayamba kusungunuka. Alipo amene akudina kabatani aka."

Soketi yolumikizira magetsi ya m'galajamo inali ya mtundu wodula magetsi wokha pakakhala ngozi. Kanyali kake kakakhala kobiriwira, zonse zili bwino. Ikamva kuti magetsi akuthawira kwina, inkadula, ndipo firiji inkazimira limodzi. Chiyambireni chisanu inkadula pafupipafupi.

"Mwina yangotopa, ababa," anatero Curtis, mwamuna wa Darlene.

"Yotopa ndi mutu wakowo. Ndani m'nyumba muno amakwinya mphuno ikaphikidwa nyama yam'tchire?"

Darlene anaika mbale pansi. Gwape sankamukondadi, koma batanilo anali asanalikhudzepo. Nayenso anali ndi amene ankamuganizira. Anaona kuti magetsi ankaduka a Wendell akangolumikiza mbale ya galu wawo, ija yotenthetsa madzi kuti asaundane. Chingwe chake galuyo anachitafuna, iwo n'kungokulungapo tepi. Ndipo kamwana ka Darlene, Maisie, kankakonda kuviika manja m'madzi amenewo.

Analowa m'galaja kansalu kopukutira kali paphewa. Anapeza a Wendell atagwira sikuludiraiva yomasulira, soketi wamba ili m'thumba la malaya.

"Abwera abwana a mabatani," anatero iwo osamuyang'ana. "Tikuchotsa chonyadachi, tiikepo chosadula. Tione mudina chiyani."

Curtis anangoyang'ana nsapato zake. Maisie anali atanjuta kale pambali pa mbale ya galu, masokosi atanyowa pasimenti.

Darlene anamunyamula mwanayo. Kenako anazula chingwe cha mbale ya galu, n'kudina batani lobwezera magetsi, kanyali n'kubiriwira, firiji n'kuyamba kulira. Anatola chingwe chatepi chija n'kuchilowetsanso m'soketimo. Thapu! Firiji inakhala chete.

A Wendell anayang'ana chingwecho, kenako mdzukulu wawo.

"Ababa," anatero Darlene, "nyama yanu sindiikonda, zimenezo n'zoona. Koma soketiyi musaikhudze. Ikuzimitsa firiji kuti mwana wanga asafe. Mukaichotsa, ine ndi Maisie sitigona muno."