Thabwa Lopindika

"Siya thabwa ilo," anatero Whyson, atagwira kale nsonga yake.

Cephas, mng'ono wake, sanalisiye. "Ba Whyson, labwino lasala ni ili chabe. Vonse ivi ni vokhota."

Tenti ya maliro a bambo awo, a Enos, inali isanachotsedwe pabwalo lawo ku Kalingalinga, koma ana awo anali akulimbirana kale thabwa pamaso pa amayi awo, a Maud, amene anakhala pamphasa atavala zakuda.

Pabwalopo panali mabenchi atatu a ukalipentala: la malemu, la Whyson ndi la Cephas. Chaka chimenecho matabwa anakwera mtengo, ogula mipando anachepa, ndipo maliro atangotha amalume awo anagamula kuti patsale benchi limodzi. Aliyense alandire matabwa ofanana chiwerengero. Wotulutsa mipando yochepa pofika Loweruka akafune ganyu ku mafakitale.

Whyson anavomera msanga. Benchi lake ndi limene linkatsogola nthawi zonse pa kuchuluka kwa mipando, la Cephas pambuyo, la bambo awo kumapeto. Tsiku lina, bambo awo akadali moyo, Whyson anachita kunena pamaso pa ogula kuti mdala watha mphamvu, mawu amene mwana woleredwa bwino satulutsa. A Enos anangopitiriza kupala.

Koma sabata imeneyi ntchito inamukanika. Thabwa lililonse limene ankatola linali ndi mfundo kapena lopindika. Ankayendayenda, kutola ili, kuponya ilo, kuyang'ana mipando ya mng'ono wake.

"Ba Ketty bali pafupi kubala," anatero Cephas, kunena mkazi wake. "Ku mafakitale bachotsa banthu, imwe mufuna nikaimilire pa geti?"

"Nanga bana banga bazadya utuchi?"

"Mwayamba liti kusankha matabwa, inu awiri?" anafunsa a Maud, osakweza mawu. "Kale si munkangowapeza pa benchi?"

Whyson anayang'ana pa benchi lake. Zinali zoona. M'mawa uliwonse ankapeza matabwa ataikidwa kale, owongoka, osalala, ndipo sanafunsepo kuti oipawo ankapita kuti.

Anasiya thabwa lija n'kupita pa benchi la malemu. Anagwada. Pansi pake panadzaza tizidutswa ta mfundo, timene munthu anadula moleza mtima kuti apulumutse mbali yabwino. Pakhoma panatsamira thabwa lokhota, miyala italipsinja pakati kuti liwongoke.

"Mufuna chani uko?" anafunsa Cephas, atakumbatirabe thabwa lake.

Whyson anadzuka, napita pa mulu. Anasankha owongokako pang'ono, nawaika pa benchi la mng'ono wake. Opindika onse anawasenza yekha.

"Muzaluza, ba Whyson."

"Pala," anatero Whyson.

Anawatula pa benchi la bambo ake, natenga chopalira chawo. Chogwirira chake chinali chitaperepeseka pamene pankakhala chala chachikulu cha a Enos. Anaika chala chake pomwepo, nayamba ndi thabwa loipitsitsa.