Masekondi Awiri a Mlamu

Pafakitale yodinda zitsulo onse ankamutcha Wamawaya, ndipo kunena zoona mawayawo ankawadziwa kuposa ana ake. Ntchito yake inali yoti kontrola, kompyuta yolamula makina onse, izimvana ndi tizipangizo ta pamakinapo. Kontrola ndi bwana wosakhulupirira wantchito. Kudzera pa chingwe cha netiweki imafunsa kachipangizo kalikonse ngati kalipo, kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo kena kakangochedwa kuyankha imazimitsa zonse.

Mutu unkamupweteka ndi makina aakulu odindira. Chingwe chake chinadutsa m'mphepete mwa mota yamagetsi imene inkachisokoneza, mauthenga n'kumasochera, makina n'kumaima kakhumi pa tsiku popanda cholakwika. Mankhwala ake anali kuzula chingwecho n'kuchiyala kwina, ntchito ya masiku awiri. Manijala atamva za masiku awiriwo anachita ngati wauzidwa kuti agulitse nyumba. Ndiye tsiku lina masana Wamawaya anatsegula laputopu n'kuuza kontrola kuti yankho likachedwa izidikira masekondi awiri isanazimitse. Makina anasiya kuimaima, manijala anamugwira chanza, iyenso n'kumayenda mapewa m'mwamba.

Woyendetsa makinawo anali mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake, munthu wa nthabwala amene Wamawaya anachita kumupezera yekha ntchitoyo. Kukamwa kwa makina kunali kachipangizo koona munthu, moti ukangosuzumira makina ankaima pompo. Mlamuyo anazolowera zimenezo kwa zaka zisanu. Tsiku limene chitsulo chinakakamira, anawerama n'kulowetsa mutu ndi mapewa. Uthenga wa kachipangizo unasochera, kontrola inadikira monga inauzidwira, makina anatsika.

Anthu akadali kulira panja, Wamawaya anabwezeretsa nthawi yodikira ija mu kontrola mmene inalili kale. Ofufuza anapeza zonse zili m'malo, n'kulemba kuti malemu anaphwanya lamulo polowa asanazimitse makina.

Koma mlandu suwola. Kuyambira pamenepo, akangolumikiza laputopu ku kontrola, tizipangizo tonse tikuyankha bwinobwino, ankamva munthu ataima kumbuyo kwake, paphewa lamanja, pamene mlamu ankakonda kuima n'kumamufunsa ngati akulembera kalata chibwenzi. Akacheuka, palibe. Ndipo anayamba kuwerenga. Akatseka mpopi ankawerenga masekondi awiri, akazimitsa getsi chimodzimodzi, ndipo nthawi zonse ankadabwa kuti masekondi awiri ndi aatali chonchi. Munthu akhoza kuona chitsulo chikubwera, n'kuganizirapo za ana ake. Ankaopa, ndipo mantha ake analibe womuuza.

Chomupweteka koposa chinali kunyumba. Mlongo wake anasamukira kwa iye ndi ana, ndipo sankalira, ankakalipa. Posesa, pochapa, ankangotukwana malemu kuti anali gonthi, wosamva zouzidwa, wosiya ana chifukwa cha ulesi wodina batani limodzi. Chithunzi chake anachichotsa pakhoma n'kuchivundikira pansi pa sutikesi. Alendo akabwera ankawauza kuti achimwene ake ndiwo munthu, amagwira ntchito mosamala. Wamawaya ankamva zonsezo akutafuna chakudya chake.

Lamlungu lina masana Wamawaya anapeza mlongo wake akumusitira ovolosi, kwinaku akunong'ona zomwezo. Anakhala pampando n'kuyamba kufotokoza za chingwe, za mota, za manijala. Mlongoyo anamudula.

"Achimwene, za mawaya zanuzo ine ndizimva bwanji?"

"Alamu sanalakwe. Makina aja amayenera kuima. Amene anawauza kuti azidikira ndine."

Mlongoyo anaimika simbi. Anafunsa ngati ofufuza aja ankadziwa, iye anati ayi, anabisa. Anafunsa kuti wakhala akudziwa kuyambira liti, iye anati tsiku lomwelo. Wamawaya anadikira kutukwanidwa, mwina ndi simbi yomwe, ndipo akanailandira ndi manja awiri. Koma mayiyo anangokhala pansi pasimenti, miyendo atatambasula, n'kuyamba kulira maliro amene anawakana miyezi isanu ndi iwiri.

Atatopa anapukuta nkhope ndi nsalu.

"Ndiye mumandimva ndikutukwana mwamuna wanga tsiku ndi tsiku, inu n'kumadya?"

Kenako mlongoyo anaimirira n'kupitiriza.

"Mawa mukawauze kuntchito. Mukachoka kumeneko mundiperekeze kumanda. Inu mukanene zanu, koma muyambe mwandidikira patali, ndikayambe ine kupepesa."