Buluu wa ku chipinda cha makina

Masauso wakhala m'nyumba ija ya ku Chamboli, pafupi ndi mugodi, zaka 9 osagwirapo bulashi olo kamodzi. Manje Saturday wabwera na tumatini tuwiri twa penti, walowa straight mu chipinda chamene mkazi wake Anastasia amasokeramo mayunifomu. Pakhoma wapaka kirimu apa, buluu apa.

"Bana Joy, sankhani," anatero, kumuitana ndi dzina la mwana wawo.

Anastasia anaimitsa makina. Munthu wosadziwa olo mtundu wa makatani a m'nyumba mwake, lero ati sankhani? Ndipo bwanji chipinda ichi, pamene ku sitting room ndiye khoma likusendeka?

"Kirimu. Buluu ada, ulusi sindizauona mu nsingano."

"Mmm. Koma buluu sagwira dothi."

"Nanga mwanifunsiranji?"

Masauso anajambula khoma pa foni, n'kupita kukaima ku mtengo wa mapeyala. Anastasia pa windo maso tong'o. Mwamuna akamba pa foni motsitsa mawu, dzanja limodzi kumbuyo monga mwana wa sukulu. Awe, chibwenzi sachiimira chonchi.

Monday kwabwera chitini cha 20 litres. Buluu.

Anastasia anachiyang'ana, anayang'ana khoma. Buluu uyu anamuonapo. Osati ku hardware. Ku Katete, kuchipinda kwa apongozi ake, khoma lonse mtundu wa chovala cha Maria, korona ili lende pa msomali.

"Bashi Joy," anaitana mwamuna wake. "Amayi afika liti?"

Masauso anayamba kuvundula penti na kamtengo, mwamphamvu zedi.

"Nafunsa."

"Pa 15. Miyendo yavuta, kulibe wowasunga. Nenze kufuna nikuuzeni bwino bwino..."

"Penti ndiye aniuze? Makina anga apita kuti?"

"Pa veranda pali mphepo yabwino."

"Pa veranda! Fumbi ya mugodi pa mashati oyera a ana a eni?"

Sanakane apongozi, amayi aja anamusamalira pa mimba ya Joy. Chinamuwawa n'chakuti Katete yonse inasankha kale, iye n'kumupatsa tumatini twa bodza.

Anatuluka, anakaima ku sitting room pamene pali TV ikulu ija ya bola na mpando wa Masauso. Anayeza na tepi yake, khoma mpaka windo.

"Pakani buluu, amayi agone bwino. Mukatsiriza munyamule TV iyi."

"Ipite kuti?"

"Pa veranda. Mwati pali mphepo yabwino."